Mutu 6: Zomatamata ku Saggart

1. Nyumba ya matayala

Tupochele anakankha geti ndi phewa chifukwa manja onse anali ndi zigubu za madzi. Zala zinali zitachita dzanzi ndi kuzizira, koma mumtima munali moto.

Munthu n'kuchoka ku Ndirande, kukwera ndege usiku wonse, kudzatunga madzi ku Dublin? Anzake a kumudzi akanamuona akanaseka mpaka kugwira nthiti. Chimene chinkasowa ndi nkhata pamutu basi.

Tupo anali ndi zaka fifitini, ndipo mu June ankayembekezera kulemba mayeso a Junior Cert. Bambo ake, a Eston, ankayendetsa chigalimoto chotuta dothi pamalo omanga nyumba ku Citywest. Chuma cha dziko la Ireland chitagwa, makampani omanga anatseka motsatizana, nyumba n'kusiyidwa zopanda madenga. A Eston anauzidwa Lachisanu kuti Lolemba asavutike kubwera. Mayi ake a Tupo, a Louisa, ankasamalira okalamba kuchipatala, koma mashifiti anali ongotoleza. Lendi ya fulati imene ankakhala ku Tallaght inawakanika.

Mnzawo wa a Eston wakuntchito, mzungu wina dzina lake Gerard, pothawira ku Australia anawasiyira kampa yake. Kampa ndi galimoto yokhala ndi bedi, chitofu, sinki ndi thanki ya madzi m'kati mwake. Inali itaima kuseri kwa shedi ya Gerard ku Saggart. Eni ake amagonamo sabata imodzi kunyanja n'kubwerako akuseka. Banja la a Eston linalowamo mu October, ndipo January wa 2011 analipeza momwemo, wopanda woseka.

Tsiku lolowa, a Eston anaika lamulo.

"Tamvera kuno, Tupo. Za m'nyumba muno zisatuluke. Kutchalitchi, kusukulu, m'sitima ya Luas, ukakumana ndi Mmalawi aliyense, ife tikukhala ku Tallaght ngati kale. Amalawi ndimawadziwa ine. Lero akumvera chisoni, mawa nkhani yafika ku Ndirande kuti Eston akugona m'galimoto ngati kondakitala. Tsiku limene Mmalawi adzaponde pageti apo, ndidzaliza injini tsiku lomwelo. Nyumba ino ili ndi matayala. Ndidzakaimika ku Donegal kumene kulibe wondidziwa, ndipo sukulu yakoyo uzidzaionera pamapu. Wamva?"

Tupo anamva. Sukulu ankaikonda, ndiye anatseka pakamwa kuti ndwii.

Kenaka kunabwera chisanu choopsa cha pa Khirisimasi. Mpopi wa panja pa shedi unaphulika. Madzi a m'thanki ya kampa anaundana, n'kung'ambula pulasitiki pakona yapansi. Mng'alu wake unali wautali ngati chala, koma unkadontha usana ndi usiku. Kapeti ananyowa, zovala zinayamba kununkha chinyontho, ndipo madzi onse amene Tupo ankakatunga kufilingi ankathera pansi. Kunali kutungira m'dengu.

2. Ife si nsomba

Loweruka limenelo anapeza bambo ake atagwada, atavundukula mpando umene thanki inali pansi pake. Ankatokosa guluu amene anamata dzulo lake. Guluuyo anangosendeka yense ngati nkhanambo.

Aka sikanali koyamba. Anayesa supaguluu, anayesa guluu wosakaniza wa machubu awiri, anayesa tepi wakuda. Zonse zinkagwira mpaka madzulo, m'mawa n'kupeza dontho lili ndendende, likuwaseka.

"Adadi, bwanji tifunseko munthu?" anatero Tupo akutula zigubu. "Mwina alipo wodziwa."

"Munthu wake uti?"

"Kaya. Kutchalitchi kuli anthu ambiri."

"Ndinadziwa. Lilime likukuyabwa. Thanki ikudontha, pakamwa pakonso pakufuna kudontha. Ndimate ziti, ndisiye ziti?"

Anapukuta manja pathalauzi. Zala zawo zinali ndi zipsera zambiri zotuwa, zimene ankati anapsa ndi makina pamene anali tekinishani kukampani ina ku Makata. Anavala jekete n'kunena kuti akukaonana ndi munthu ku Clondalkin amene akufuna wotsuka magalimoto. Chitseko anachimenyetsa mpaka makapu analira m'kabati.

Bambo amenewa anali olimbikira, ndisawanamizire. Koma kunyada kwawo, abale, kunkatopetsa ndi mwana yemwe.

Tupo anaponda pakapeti, madzi n'kulowa m'sokosi. Pamenepo ndiye zinamukwana. Analowa m'shedi ya Gerard n'kuyamba kugwetsa zinthu m'mashelefu mpaka anapeza chubu cha silikoni, phala loyera lija amamatira m'mbali mwa bafa. Pachubupo panalembedwa kuti lili ndi mankhwala opha nguwi. M'munsi, m'tizilembo ting'onoting'ono, ankachenjeza kuti lisagwiritsidwe ntchito posungira madzi akumwa kapena m'thanki ya nsomba.

Anawerenga. Anabwerezanso kuwerenga.

"Ife si nsomba," anatero, n'kutuluka nacho chubucho.

Anakhuthulira m'mapoto timadzi timene tinatsala m'thanki, n'kutsegula chivundikiro chachikulu chapamwamba. Analowetsa mkono mpaka m'phewa n'kupaka silikoni m'kati, wambiri, mopsa mtima, ngati akumata pakamwa pa munthu. Anapakanso kunja. Fungo lake linali la viniga, lolasa m'maso.

Chubu chinkati adikire tsiku lathunthu kuti phala liume. Tupo anadikira mpaka tiyi wake atazizira. Kenaka anathira zigubu zonse m'thanki, ndi a m'mapoto omwe, osasiyako ngakhale a m'kapu.

Anagwada n'kuyang'ana pakona paja. Panali gwaa, pouma.

Koma atatsegula mpopi wapasinki, madzi anatuluka ndi kafungo kaja, pamwamba pakuyandama timafuta ndi tizidutswa toyera. Anatseka msanga. Anadziuza kuti awa angotsukira mbale, akumwa akatunga ena miyendo ikapumula. Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula. Koma uyu ndiye anachita kuwerenga kuti ndi phula, n'kudyabe.

3. Madzi a mlendo

A Eston anabwerako masana nkhope ili yakugwa. Ntchito ija anapeza atapatsa wina. Atalowa anaima n'kuyang'ana pathanki.

"Wamata ndi chiyani?"

"Ndamata basi."

Asanafunsenso, kunja kunamveka galimoto. Anasuzumira pazenera, ndipo nkhope yawo inasintha. Pageti pankalowa a Magdalene, namwino wachikulire wa kuchipatala chachikulu cha ku St James's, amene Amalawi onse a kutchalitchi ankawatchula kuti Anti. Banjali analidziwa kalekale, kuchokera ku Ndirande. Ankayenda mosamala pa sinowo wosungunuka, chitenje atachimanga pamwamba pa chikhoti.

A Eston anatembenukira mwana wawo.

"Wandigulitsa," ananong'ona, mano ali olumana.

"Si ine, adadi."

"Khala chete. Tikambirana akapita."

Anatsegula chitseko akumwetulira kumwetulira kwa pachithunzi. "Achemwali! Lowani, lowani. Mwatipeza tikukonzako kampa ya mnzanga. Tikuti kukafunda tikapumuleko ku Wexford."

"Ku Wexford," anatero Anti Magdalene akukhala pansi. Maso awo anayenda pang'onopang'ono. Anaona yunifomu ya sukulu ili pahang'ala, nsapato za a Louisa pansi pa bedi, kolona pamsomali, thumba la ufa pakona. Anapereka moni mwa dongosolo lake, anafunsa za kumudzi, a Eston n'kumayankha mokweza kuti zonse zili bwino kwambiri.

Kenaka Anti anatsegula chikwama n'kutulutsa kabotolo.

"Tupo mwana wanga, tandipatseko madzi ndimwere mapilisi anga a BP. Nthawi yadutsa kale."

"Tunga pampopi apo," anatero a Eston. "Muno muli zonse, achemwali. Madzi ake ozizira bwino."

Tupo anatenga kapu. Anatsegula mpopi, madzi n'kudzaza. Kafungo kaja kanamufika m'mphuno. Anagwada m'kanjira kopanikiza kaja monga anaphunzitsidwira, kapu ili m'manja awiri. Anti anaika mapilisi palilime n'kutambasula dzanja.

Kunena za madziwo kunali kunena za thanki. Kunena za thanki kunali kunena zonse, ndipo makiyi a galimoto anali pamsomali pomwepo, pamwamba pa mutu wa bambo ake.

Zala za Anti zinakhudza kapu.

Tupo anaibweza. Anadzuka, anakankha chitseko ndi phazi, n'kukhuthula madzi onse panja kuti khwaa.

Inu, kwathu munthu akhoza kukumana ndiwo, akhoza kukumana mpando, koma madzi samana. Ngakhale amene mukumuganizira ufiti mumamutungira. Tsono uyu anachita kuwalanda m'manja mwa munthu wamkulu, mapilisi ali palilime.

"Wapenga?" A Eston anamenya tebulo ndi chikhatho. "Ndi zimene akukuphunzitsa kusukulu kwakoko? Gwada upepese, pompano!"

"Sore, Anti, koma madzi amenewa simungamwe." Tupo sanagwade. "Ndamata thanki ndi silikoni wa kubafa. Ali ndi mankhwala. Analemba kuti si wa madzi akumwa."

"Tupo," anatero bambo ake.

"Ayi, adadi, ndatopa. Ndatopa ndi kutunga madzi othera pakapeti. Ndatopa ndi kusamba m'sinki ya kusukulu anzanga asanafike. Ndatopa ndi kutsika Luas ku Tallaght kuti anthu aziti ndimakhala kumeneko. Anti, ku Wexford kulibe ulendo. Timakhala muno. Timagona muno kuyambira October, ndipo thanki ikudontha kuyambira pa Khirisimasi."

Anti anameza mapilisi awo ouma, akukwinya nkhope.

A Eston anatambasula dzanja n'kuchotsa makiyi pamsomali.

"Wamaliza? Longedza mabuku ako asagwe panjira. Tikawatenga amayi ako kuntchito, tizipita."

4. Mawu a Anti Magdalene

"Palibe akupita kulikonse ine ndisanalankhule," anatero Anti. "Ndiyamba ndi wamng'ono. Iwe Tupo, chenjezo lija unaliwerenga usanamate kapena utamata?"

"Ndisanamate."

"Usanamate. Ukanati sunaone, ndikanati ndi umbuli, ndipo umbuli umachizika. Koma iwe unaona, unamvetsa, n'kupakabe chifukwa mtima unali utakwera. Tamvera, mwana wanga. Sindikunama kuti kapu imodzi ikanandipha. Mwina ndikanangodwala m'mimba. Koma amayi ako akanabwera kushifiti ali ndi ludzu n'kumwa. Mawa akanaphikira phala. Mkuja chimodzimodzi. Iwe ukanakhala ukuyang'ana, tsiku lililonse kunena kukukulirakulira, chifukwa bodza likagona usiku umodzi limadzuka ndi mano. Ine kuchipatala ndaona anthu ambiri amene anavulala ndi zinthu zimene wina ankadziwa koma anaopa kunena. Amene analemba tizilembo tija sanali wopusa, ndipo sankadana nawe. Ukakwiya usamagwire ntchito imene ikhudza moyo wa anzako. Mkwiyo ndi mmisiri woipa, amasalaza pamwamba n'kusiya zoola pansi. Ukundimva?"

"Ndikumva, Anti."

"Koma pakapu paja wachita bwino. Ndi bwino undichititse manyazi uli chilili kusiyana n'kundimwetsa zoipa utagwada."

Kenaka anatembenuka thupi lonse.

"Tsopano inu, bambo a Tupo. Ayi, lero ulemu upume kaye. Iwe Eston, ika makiyiwo pansi."

"Achemwali, za m'banja mwanga..."

"Ndati ika pansi. Thanki iyi ndi pulasitiki wa zigubu. Guluu sagwira pamenepo, ndipo mu Dublin muno palibe amene akudziwa zimenezo kuposa iwe. Ndiye wakhala ukugula maguluu kuti unamize ndani? Ndani ankadutsa pakhomo pathu ku Goliyo, ku Ndirande kuja, kambaula kudzanja, tizitsulo m'thumba, akukuwa kuti, 'Zomatamata! Zidebe, mabeseni, zigubu!' Sunali iwe? Beseni la mayi anga unalimata iwe uli mnyamata wa Fomu 2, ndipo mpaka lero mlamu wanga akuchapiramo. Amayi a m'dera lonse ankadikira iwe, omata ena ankawabweza. Sukulu yako inatuluka m'kambaula kamene kaja. Lero luso limene linakulera walisandutsa chitonzo?"

Tupo anayang'ana zala za bambo ake.

"Adadi, si munati munali tekinishani ku Makata?"

A Eston sanamuyang'ane. Mitsempha ya m'khosi inali itatupa. Atayamba kulankhula, mawu anatuluka okalipa koma otsika.

"Inu mukukumbukira beseni. Ine ndikukumbukira ana akunditsatira m'mbuyo, akundiyeseza kukuwa. Dzina langa linafa ku Ndirande. Ndinalibenso dzina, ndinali Zomatamata. Ndikapita kukafunsira mbeta, achibale ankati, kodi ndi Zomatamata uja? Tsiku lokwera ndege pa Chileka ndinalumbira kuti chitsulo chamoto sindidzachigwiranso. Sindinawoloke nyanja kudzamata zigubu ine."

"Ndiye mwana wako azisenza madzi ngati bulu kuti lumbiro lako lisanyowe?" anatero Anti. "Mkazi wako azigona pachinyontho, azikatsokomolera odwala, kuti ku Ndirande asamve? Ku Ndirande akumva chiyani, Eston? Ali ndi mavuto awo. Ntchito sinathere iwe wekha. Azungu eni dziko akulira, ana awo akuthawira ku Australia, ena abweza makiyi a nyumba kubanki. Iwe ndiwe ndani kuti usagwe? Kugwa si manyazi. Manyazi ndi kugona pomwe wagwerapo n'kumauza odutsa kuti ukuwothera dzuwa. Taona lero, mwana wafika pothira mankhwala m'madzi akumwa chifukwa unamuletsa kufunsa. Chubu anagwira ndi iye, koma amene anamutuma ndiwe. Ukufuna kuthawira ku Donegal? Pita. Thanki ikakadonthanso kumeneko ukathawira m'nyanja."

Ndikuuzeni, Anti Magdalene akayamba sankasiyira panjira. Ngakhale ansembe ankawaopa.

A Eston anayang'ana makiyi ali m'manja mwawo. Kenaka anawaponya patebulo.

"Tupo, tenga mpeni wakale uja wothyoka nsonga. Ndi msomali. Ndi botolo la mkaka lija lili m'bini."

5. Mpeni wamoto

Anakhuthula madzi onse oipa aja, anamasula mapaipi, n'kutulutsira thanki panja. A Eston anati utsi wa pulasitiki sufuna m'nyumba.

Ntchito yoyamba inali ya Tupo. Anapala silikoni yense ndi supuni, m'kati ndi kunja, kenaka n'kukwecha ndi sandipepa mpaka mkono unawawa. Akati wamaliza, bambo ake ankalowetsa dzanja, n'kupapasa, n'kunena kuti, "Bwereza." Sanamuthandize ngakhale pang'ono, ndipo Anti sanamupepesere.

A Eston anayatsa kachitofu ka gasi ka m'shedi n'kuikapo mpeni ndi msomali. Anasenda kachidutswa pamlomo wa thanki, anakayatsa, n'kununkhiza. Anachita chimodzimodzi ndi kachidutswa ka botolo la mkaka.

"Nunkhiza," anatero mokalipa, ngati Tupo ndi amene anayambitsa zonse.

"Zikununkha kandulo. Zonse ziwiri."

"Ndiye kuti ndi mtundu umodzi. Ukatenga wa beseni n'kumata pachigubu, umaoneka ngati wagwira, koma mawa wagwa. Chigamba chimafuna mtundu wake."

"Wamva wekha, Eston," anatero Anti ali pampando umene anawatulutsira. A Eston anachita ngati sanamve.

Msomali utafiira, anaboola kabowo kakang'ono kumapeto onse awiri a mng'alu. Tupo anadzidzimuka.

"Mukuwonjezeratu, adadi."

"Mng'alu ndi woyenda. Ukapanda kuutsekera njira, umapitirira pansi pa chigamba. Gwira apa. Uyang'anitsitse, sindibwereza."

Anadula botolo lija m'timizere tating'ono. Ndi mpeni wamoto anakumba kangalande motsata mng'alu, mbali zonse n'kufewa mpaka kuoneka ngati madzi. Anagoneka kamzere m'kangalandemo n'kumakasungunula pang'onopang'ono, akusakaniza ndi thupi la thanki. Mpeni ukazizira ankaubweza pamoto. Ukatentha kwambiri ankauyendetsa kaye m'mwamba, poti pulasitiki akapserera amasanduka wofumbutuka.

Anati sabwereza, koma anabwereza. Anamupatsa Tupo mpeni kuti agoneke yekha mzere womaliza, dzanja lawo lili pamwamba pa dzanja lake. Dontho la pulasitiki wotentha linawagwera pachala. Sanakuwe. Anangolichotsa ndi chikhadabo, ndipo Tupo anaona chithuza chatsopano chikutuluka pakati pa zipsera zakale, chofanana nazo ndendende.

"Zonsezi ndi za mabeseni?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ichi ndi cha Fomu 1," anatero a Eston akuloza. "Ichi cha yunifomu. Ichi chachikuluchi ndi cha mayeso a Fomu 4." Anatsokomola n'kuyang'ana kumbali. "Usathirepo madzi. Pazizire pokha."

Tupo anadzuka. Analowa m'kampa kukatenga nsanza, ndipo anachedwako pang'ono.

Pamene pomatapo panazizira, Anti anapatsa Tupo kiyi wa galimoto yawo. "Katsegule kubuti."

M'butimo munali zigubu za madzi zodzaza bwino, ndi paketi ya soda.

"Madzi ndinali nawo," anatero Anti. "Ndimafuna ndione ngati pakhomo pano mlendo akumwa."

Anatsuka thanki ndi soda, anatsukuluza, anatsukuluzanso. A Eston anati sabata yonse madzi a mmenemo akhale otsukira mbale basi, akumwa azichokera m'zigubu. Kenaka anadzaza thanki n'kuyala pepala la nyuzi pansi pa kona ija. Onse atatu anawerama n'kumadikira.

Pepala linakhala louma.

Tupo anathira madzi a m'chigubu m'kapu ija, anagwada pakonkire yozizira, n'kupereka ndi manja awiri. Anti anamwa onse.

6. Pageti

A Eston anazimitsa kachitofu. Anayang'ana zigubu zija, anayang'ana paketi ya soda, ndipo nkhope inayambanso kuuma.

"Munthu sanyamula madzi ndi soda popita kukacheza," anatero. "Achemwali, inu munadziwa za thanki musanafike pano. Tupo, iwe ndi ine sitinamalize. Unawauza liti?"

"Ndanena kale kuti si ine, adadi."

"Usandinamize kawiri tsiku limodzi."

"Musiye mwanayo," anatero Anti. "Wasunga chinsinsi chako mpaka chamutupitsa mtima. Amene anandiuza si iye."

"Nanga ndani?"

Geti linalira. A Louisa analowa ali m'yunifomu yakuntchito, chikwama paphewa, maso ofiira ndi tulo. Anaima patali pang'ono, anaona thanki, anaona mpeni wakuda ndi utsi m'manja mwa amuna awo.

"Ndine, bambo a Tupo," anatero. "Ndakhala chete mokwanira. Ndipo sindinauze iwo okha."

Kumbuyo kwawo, pamsewu, galimoto ziwiri zinali kuima. M'yoyamba munatuluka Bambo Tarsizio, wansembe wa Chimalawi amene ankawachitira Misa ya Chichewa. M'yachiwiri zitseko zonse zinatseguka nthawi imodzi, ndipo kunamveka mawu a amayi a kwaya akufunsana ngati malo ake ndi ano.

A Eston anaponya mpeni pansi. Anakwera m'kampa, n'kupita molunjika patebulo pamene anaponya makiyi aja.

Patebulo panalibe kanthu.

Anasuntha makapu. Anayang'ana pansi, anayang'ana pamsomali. Kenaka anatulukira pachitseko pang'onopang'ono, maso awo n'kudutsa Anti, n'kudutsa akazi awo, mpaka anaima pa mwana wawo.

Tupochele anali chilili pafupi ndi thanki, dzanja lamanja lili m'thumba la juzi. Anali atafumbata zolimba, ndipo mano a makiyi ankamulasa m'chikhatho.